Siginecha ya Mkamwini

A Elson Mulepa akhala m'mudzi wina kumunsi kwa Milonde zaka makumi awiri ndi chimodzi, koma mukafunsa njira potchula dzina lawo, anthu amayamba ayang'anana kaye. Muyenera kunena kuti mukufuna kwa a Lines. Apo ndiye amakulozerani: mudutse mjigo, mukhotere ku nthochi, mupeza nyumba ya njerwa zowotcha yokhala ndi khonde lalitali. Njerwazo anaumba ndi a Elson, anawotcha okha, malata anagula limodzilimodzi kwa zaka zinayi. Koma dothi ndi la akazi awo, ndipo kuno nyumba imatenga dzina la mwini dothi.

Iwo anabadwira m'malaini a esiteti ya tiyi, m'nyumba ya kampani. Agogo awo anawoloka kuchokera ku Mozambiki kalekale, akuthawa chibalo cha Apwitikizi, n'kudzayamba kuthyola tiyi. Bambo awo anathyolanso tiyi. Sukulu a Elson analekeza Sitandade 5. Amanena okha kuti mutu sunali wouma ayi, koma kabudula anali mmodzi, ndipo atang'ambika kumbuyo anakhala masabata awiri osapita, kenaka kusapitako kunangozolowereka. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu analembedwa ganyu yopalira, patapita zaka ziwiri anapatsidwa dengu. Mpaka lero nsonga za zala zawo n'zakuda ngati anazipaka phula, ndipo akamayankhula nanu, zala ziwiri zimangotsinana zokha, ngati zikadali m'munda wa tiyi.

A Lines anakumana nawo pa msika wa Milonde, akugulitsa zinanazi. Monga mwa mwambo wa kuno, wosamuka anali mwamuna. Anafika ndi njinga, bulangete ndi khasu, nalozeredwa pomanga.

Mkamwini, mwamuna wokhala kwa mkazi, amadziwa malire ake osauzidwa. Amalima, amamanga, amabereka, koma ana ndi a kuchikazi, ndipo mawu omaliza pa iwo ndi a malume, mlongo wa mayi. A Elson malire amenewa anawasunga bwino kuposa anzawo ambiri. Pamaliro ndiwo owaza nkhuni ndi kunyamula mabenchi. Pa nkhani za pabanja amakhala kumapeto, ndipo akafunsidwa maganizo amati, "Eni ake anena kale." Pakhomo pawo palibe mtengo wa zipatso umene anadzala iwo, mapeyala awiri amene alipo anadzala apongozi awo. Nditawafunsa chifukwa, anaseka. "Peyala amafuna zaka zisanu. Ine ndimadzala chimene ndingakolole ndisanauzidwe kuti ndinyamule bulangete langa."

Ine ndinawadziwa chifukwa cha pepala. Ndinali nditabwera kumene kuchokera ku Dublin, kumene mayi anga ananditengera ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndinabwerera patatha zaka khumi ndi zinayi, chimene ndabwerera osachidziwa bwino, ndipo nditatopetsa azakhali anga ku Blantyre kwa miyezi itatu, ndinalembedwa ntchito pa kafukufuku. Yunivesite ina ya kunja inkafuna kudziwa mmene achinyamata akukulira m'mayiko asanu: amagona bwanji, amadya kangati, amaopa chiyani, sukulu amaikonda kapena amangoipirira. Mafunso anali amodzimodzi kwa mwana wa ku Mulanje ndi wa ku Nepal. Kompyuta inasankha sukulu zingapo za sekondale, n'kusankhanso ana mazana awiri m'mabuku a sukuluzo, ndipo anawo tinayenera kuwatsatira zaka zitatu.

Atsikana ankawafunsa ndi Sumaiya, mnzanga wa pantchito, wobadwira pa Milonde pomwepo, mwana wa bambo wina wogulitsa nsalu. Gawo langa linali kuyenda m'makomo ndi pepala la chilolezo, pakuti mwana sangafunsidwe kanthu kholo lisanasaine. Mmodzi mwa osankhidwawo anali Takondwa, mwana wachiwiri wa a Elson ndi a Lines, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, amene anali atangoyamba Fomu 1 pa sekondale yoyendera.

Unali mwezi wa Seputembala, nthawi imene tiyi amachepa ndipo othyola ambiri amapumitsidwa. Ndinawapeza a Elson pakhonde akumata chubu cha njinga.

"Moseliwa," ndinatero. Ndi moni, liwu lokhalo lachilomwe limene Sumaiya anandiphunzitsa.

Anandiyankha ndi Chilomwe chachitali, cha mafunso awiri kapena atatu mkati mwake. Ataona nkhope yanga anandimvera chisoni n'kubwerera ku Chichewa. Ndinafotokoza chimene ndadzera.

"Amayi ake atalikira pang'ono, apita ku chigayo," anatero.

"Palibe kanthu. Inu si bambo ake?"

"Ndine ndithu."

"Ndiye musaina inuyo."

Anandiyang'ana kanthawi. Kenaka anadzuka, anakasamba m'manja, anapukuta pa malaya, n'kulandira pepalalo ndi manja awiri. Anthu ambiri ankangondifunsa pomwe adinde chala. Iwo anawerenga masamba onse awiri, chala chikuyenda pansi pa mzere, milomo ikugwedera. Ndinayang'ana foni yanga kanayi.

"Apa akuti zaka zitatu."

"Eya."

"Muzidzamupeza kuti?"

"Kusukulu kwake, kawiri pachaka."

"Sukulu yomweyi."

"Yomweyi. Akasamukira ku sukulu ina timamusiya."

Anagwedeza mutu. Ndinawapatsa cholembera, ndipo analemba dzina lawo lonse, chilembo chilichonse pachokha, atatsamiritsa pepala pa bondo. Atamaliza analitalikitsa pang'ono n'kuliyang'ana.

"Ku esiteti timadinda chala," anatero. "Kapitawo amati cholembera chimachedwetsa mzere."

Ndinawasiyira pepala lawo, ine n'kutenga langa. Ndinachoka ndili wokhutira, pakuti tsiku limenelo ndinali nditamaliza makomo asanu ndi awiri.

Sumaiya ndinamupeza pa siteji akudya chinangwa chophika. Ankanditcha a Dabulini, ndipo ulemu wa "a" umenewo sunali ulemu kwenikweni.

"Kwa a Lines wasaina ndani?"

"Bambo ake."

Anasiya kutafuna. "Amalume ake akudziwa?"

"Pepala likuti kholo kapena womuyang'anira mwana. Bambo ndi kholo."

"Pepala analemba ndani, a Dabulini?"

"Maprofesa a m'mayiko asanu."

"Ali ndi alongo awo kuno?"

Ndinamufotokozera za malamulo, za ufulu wa bambo pa mwana wake, za mmene zimakhalira kumene ndinakulira. Anandimvetsera mpaka chinangwa chinatha.

"Makomo ena ndimakuuzani kuti dikirani mayi, mumaona ngati ndikukuchedwetsani," anatero. "Mayi akamasaina amakhala ataimbira kale foni achimwene ake. Komabe poti inki yauma, tiona."

Panapita masabata atatu. Tsiku lina tili pa sukulu ya Takondwa ndi matabuleti athu pansi pa mtengo, ndinaona a Elson ataima kuseri kwa mpanda, atagwira njinga. Anadikira mpaka ana atalowa m'kalasi, ndiye n'kundikodola.

Nkhani yawo inali iyi. Mlongo wa a Lines, a Bizwick Namacha, ali ndi shopu ya zitenje pa boda ya Muloza. Zaka zisanu zapitazo anatenga Monalisa, mwana woyamba wa a Elson, kuti azikathandiza pakhomo uku akuphunzira konko. Sukulu anapita temu imodzi. Kenaka shopu inafuna munthu masiku a msika, kenaka masiku onse. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anabereka mwana wa mnyamata wina wosintha ndalama, amene anawolokera ku Milanje, ku Mozambiki, osabwereranso. Pano Monalisa amagulitsa mazira owiritsa pa boda pomwepo, ndipo shopu ikufunanso munthu. A Bizwick anali atanena kale kuti sukulu zikatsekera mu Disembala, Takondwa anyamuke. Nayenso akuti azikaphunzira konko.

"Nthawi ya Monalisa inu munati chiyani?" ndinawafunsa.

"Ndinamunyamulira chikwama mpaka pa siteji."

Tsopano, anapitiriza, anali atawaonetsa akazi awo pepala lija n'kuwauza kuti mwana walembedwa, sangasunthidwe zaka zitatu. A Lines anaimbira foni achimwene awo. A Bizwick akubwera Lamulungu, ndipo akufuna kuona munthu amene analemba mwana wawo.

"Mudzabwere mudzawawerengere."

"Bambo Mulepa, pepala lija silimanga munthu. Mwana akhoza kusiya tsiku lililonse, popanda mlandu."

"Ndime yachinayi," anatero. "Ndinawerenga."

"Ndiye ndikadzawerenga pamaso pa alamu anu, zonse zidzagwa. Ine sindingawanamize."

"Sindinati muname. Mudzawerenge zonse, osadumpha. Mpaka pansi."

Nditamuuza Sumaiya, anangoti tipitira limodzi, ndipo anaika m'chikwama chake pepala lina losasaina.

Tinafika Lamulungu anthu ataweruka ku tchalitchi, dzuwa la Okutobala lili pamutu. Njinga yamoto ya a Bizwick inali itaimikidwa pansi pa peyala. Eni ake anali pa mpando wa ndalema pakhonde, munthu wathupi, wa mafoni awiri, wansangala. A Lines anakhala pa mkeka pamodzi ndi mayi awo aang'ono, okalamba, amene ankasankha nandolo m'lichero. A Elson anakhala pa njerwa kumapeto kwa khonde. Kuseri kwa nyumba kunkamveka mbale zikutsukidwa pang'onopang'ono kwambiri, ndipo sipanafunike wondiuza kuti wotsukayo ndi Takondwa.

"Patarawu afika," anatero a Bizwick, kunditchula bwana m'Chipwitikizi cha pa boda. "Apatseni mpando azungu athu, angadetse thalauza. Ndinu amene mukulemba ana athu?"

"Ndife."

"Chichewa mumatha?"

"Ndimayesa."

"Yesani apa." Anandiponyera pepala la a Elson.

Ndinawerenga. Cholinga cha kafukufuku, mayiko asanu, zaka zitatu, kawiri pachaka. Kuti palibe malipiro. Kuti kumapeto kwa chaka chilichonse kudzakhala msonkhano pa sukulu, ndipo kalata yoitanira idzapita kwa amene wasaina. Nditafika pa ndime yachinayi ndinakweza mawu pang'ono, kuti wina asadzati ndinaimeza: mwana akhoza kusiya nthawi iliyonse, ndipo palibe adzamufunse chifukwa. Ndinaima n'kuyang'ana a Elson. Iwo ankayang'ana nyerere pansi.

"Mwaima chifukwa chiyani?" anatero a Bizwick. "Zimenezo ndamva. Pansipo akuti chiyani?"

"Kholo kapena womuyang'anira mwana: Elson Mulepa."

"Bwerezani."

Ndinabwereza.

"Womuyang'anira." Anaika mafoni onse awiri pa bondo n'kutembenuka. "Alamu, zabwino zonse. Mwakwezedwa liti, ife osamva?"

"Sizili choncho, alamu."

"Mwanayu atadwala malungo aakulu ali ndi zaka zinayi, anathamanga naye ku chipatala ndani?"

"Inuyo."

"Atakula, anakambirana ndi anamkungwi ndani?"

"Inuyo, alamu."

"Mawa akabwera mnyamata ndi ankhoswe ake, adzafunsa kwa Mulepa kapena kwa Namacha?"

"Kwa Namacha."

"Nanga dzanja limeneli linayenda bwanji?"

"Ndinalakwa. Ndinaona cholembera chokongola, dzanja linayabwa."

Mayi okalamba aja anayankhula osadzutsa mutu pa lichero. "Lero wasaina mwana, mawa adzasaina munda."

"Mwamva?" anatero a Bizwick. Sankasekanso. "Kwanu njira mukuikumbukabe, alamu?"

"Malaini athu anagwetsa. Anadzalapo tiyi."

Kuseri kwa nyumba mbale zinasiya kulira. Ndinaona kuti nkhaniyi ikhoza kumuchotsa munthu pakhomo pamene anamanga yekha, ndipo woiyambitsa ndinali ine, ndi makomo anga asanu ndi awiri pa tsiku.

"Bambo Namacha," ndinatero, "wolakwa ndine. Iwo anandiuza kuti amayi atalikira, ine ndi amene ndinawakakamiza."

"Inu ndinu mlendo, patarawu, simungalakwe. Mbuzi ikalowa m'dimba, mlandu ndi wa amene anasiya chipata."

Sumaiya anatsokomola n'kuphimba pakamwa ndi mpango wake.

Apo ndi pamene a Lines anayankhula. Ndi mayi wochepa thupi, wa mawu otsika, ndipo poyankhula ankakonza mphonje ya mkeka.

"Achimwene, ine zamapepala sindizidziwa. Koma dzana pa mjigo amake Kingstone amandifunsa kuti, kodi alongo anu a ku boda aja ali moyo? Ndati alipo, bwanji? Akuti ayi, timangofunsa, poti tamva kuti pa msonkhano wa kusukulu mbumba ya kwa Namacha azikaiimira a Mulepa. Zaka zitatu. Ine ndinangosenza ndowa."

"Amake Kingstone anatero?"

"Pa anthu."

A Bizwick anandiyang'ana. "Kalata ya msonkhanoyo imapita kwa wosaina?"

"Eya."

"Ndipo pepalali likakhala kuti?"

"Ku ofesi, m'kabati yokhoma. Mayina satuluka."

"Koma ku ofesiko akudziwa kuti mwana wa mlongo wanga mwini wake ndi Mulepa."

A Elson ananena chapansipansi, ngati akuthandiza: "Ine ndimaganiza kuti poti inu mumatanganidwa ku boda, za misonkhano ya ana a sukuluzi zingakuchedwetseni. Nanga munthu n'kusiya shopu chifukwa cha zimenezi?"

"Ndinakuuzani ndine wotanganidwa? Ndinakudandaulirani?" Anatembenukira kwa ine. "Lilipo lina losalemba?"

Sumaiya anali atalitulutsa kale.

A Bizwick sanawerenge. Anatulutsa cholembera chawo m'thumba la malaya, anasaina siginecha yaikulu yokhotakhota ya anthu a bizinesi, n'kulembanso manambala a mafoni awo onse awiri. Kenaka anapempha pepala loyamba lija, la ku ofesi limene ndinabwera nalo, ndi la a Elson lomwe. Sanafune kufufuta okha. Anawapatsa alamu awo cholembera. A Elson anatsamiritsa mapepala pa bondo, nadula dzina lawo ndi mizere iwiri yowongoka, pa pepala lililonse, mosamala ngati mmene analilembera.

"Ndiye zatha," anatero a Lines.

"Sizinathe." A Bizwick anabweza cholembera m'thumba. Anayang'ana mlongo wawo, n'kuyang'ana alamu awo, kwa nthawi yaitali ndithu. "Musandione ngati mwana. Zimene mwandiphikira anthu awirinu ndaziona, fungo ndinalimva ndikadali pa msewu. Ndime yachinayi ndaimvanso. Nditafuna, mwanayu ndinyamuka naye lero, pepala lanena lokha."

Kenaka a Bizwick anapitiriza.

"Koma Namacha sasaina chinthu Lamulungu n'kuchithawa Lolemba. Amake Kingstone angapeze ndiwo za chaka chonse. Takondwa! Siya mbale zimenezo, zinayera kalekale."

Mtsikanayo anatulukira, manja ali onyowa, n'kugwada chapatali.

"Mayeso apitawa unakhala nambala chiyani?"

"Naini, amalume."

"Mwa angati?"

"Sevente-wani."

"Eyiti enawo amadya chiyani chimene iwe sudya?"

"Sapita ku mjigo m'mawa, amalume."

"Pakamwa ngati amake." Anaseka, ndipo mayi okalamba aja anasekanso. "Ukhala. Azungu akewa akamaliza zaka zawo zitatu tidzaonanso. Koma ndikangomva za mnyamata, ndidzakunyamula pamodzi ndi pepala lako. Wamva?"

"Ndamva."

"Dzina lili apali ndi langa. Usandichititse manyazi ku Nepal."

Mlandu wa dzanja loyabwa unagamulidwa pomwepo: tambala mmodzi. Pakhomopo panali tambala mmodzi yekha, wofiira, wamkulu, ndipo a Elson anamuthamangitsa okha. Anazungulira naye nyumba kawiri, analowa naye mu nthochi, anagwa kamodzi pa khola, ana a pamudzi akuonerera. Atamugwira anamumanga miyendo ndi luzi, n'kukamumangirira okha kumbuyo kwa njinga yamoto. Anagwada pang'ono popereka. A Bizwick anawagwira paphewa, anawafunsa ngati tiyi wayamba kuphukira, anawasiyira a Lines paketi ya shuga, n'kuliza njinga.

A Elson anatiperekeza. Anandifunsa ngati ku Dublin amamwa tiyi wa kuno. Ndinati mwina, amamusakaniza ndi wina, pa paketi salemba. Anati n'chimodzimodzi, bola akumwa.

Ku ofesi, pepala lofufutidwa limafuna chifukwa. Pali kabokosi kake, ka mzere umodzi. Ndinayesa ziganizo zingapo, zonse sizinakwane, ndipo pomaliza ndinalemba kuti anasaina munthu wolakwika. Woyang'anira wathu anawerenga, anati ndizisamala, n'kuliika m'kabati.

Mvula itagwa a Elson anabwerera ku esiteti. Mu Disembala sukulu zinatsekera ndipo Takondwa sananyamuke. Shopu ya pa boda inapezabe munthu: a Bizwick anatenga mwana wa mlongo wawo wina wa m'mudzi momwemo, mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu amene anali Sitandade 7. Akuti azikaphunzira konko. Izi anandiuza ndi Sumaiya, amene anazimva kwa mayi ake. Pa msonkhano woyamba wa kusukulu a Bizwick anabwera atavala jekete, anakhala kutsogolo, ndipo anafunsa mafunso awiri, limodzi la nzeru.

Mu Malichi tinabwereranso pa sukulupo. Takondwa anali pa mzere wa Sumaiya, akudikira nthawi yake. Chakumadzulo, tikulongedza matabuleti, a Elson anatulukira pa msewu akuchokera ku ntchito, atavala pulasitiki wa mvula wobowola pakati, nsapato zili matope okhaokha. Anaima kuseri kwa mpanda, ndipo ndinapita.

Tinapatsana moni. Anati tiyi chaka chino wachuluka, msana ndi umene ukuchepa. Kenaka anayang'ana uku ndi uku.

"Kaundula wanu uja anadzaza?"

"Anadzaza kalekale. Mayina inasankha ndi kompyuta, ife sitiwonjezera."

"Ngakhale mmodzi."

"Ngakhale mmodzi. Komanso ndi wa a sekondale okha."

Anagwedeza mutu, zala ziwiri zikutsinana pa handulo ya njinga yawo.

"Ndimangofunsa. Wandituma ndi mkamwini mnzanga, bambo ake a mwana anapita ku boda uja. Akuti mwina pepala lina linatsala."

Ndinati silinatsale. Anati akamuuza. Mvula inali itayambanso kutsika m'phiri, ndipo anakoka pulasitiki wawo kumutu n'kukwera njinga.